Kabokosi Kamene a Mwale Sanakatsegule

Tadala ndi Yamikani, za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba. Munazimva kokwanira, ndipo eni ake a nkhani zina akadali moyo. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa mphamvu zanga zinathera kumeneko. Inu adzukulu amene Chichewa mumachimva koma n'kuyankha m'Chingerezi, pemphani amayi anu akuwerengereni, ndipo muziyang'ana chala chawo asadumphe mizere.

2004, Edmonton

Ntchito yanga yoyamba ku laibulale inali ya tsache ndi mopu. Ndinali nditagwira zaka ziwiri kunyumba yosamalira okalamba, msana n'kukana kunyamula anthu. Mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti ku laibulale ina ku Edmonton, dera lina la ku London, akufuna wokolopa. Sindinamukhulupirire. Ndinakwera basi kukaona ndekha pepala lake pachitseko, ndipo linalipodi. Ndinkalowa asanatsegule, n'kutuluka anthu akuyamba kufika. Bwana wake anali a Colin, mzungu wamtali wokonda kuseka, ndipo munthu wongoseka popanda chifukwa ine ndimamuyang'anitsitsa. Sabata yoyamba anasiya wotchi yawo patebulo. Ndinati eya, msampha uja ndi umenewu. Ndinapukuta tebulo lonse mozungulira wotchiyo osaikhudza, mpaka panatsala kabwalo ka fumbi. Mawa lake anasiya makiyi, mkuja wake magalasi. Panatha chaka ndisanavomereze kuti bamboyo sankandiyesa, anali woiwalaiwala chabe, ndipo ngakhale lero ndimakayikabe pang'ono.

Tsiku lina anandipeza ndikusuntha mabuku pashelefu.

"Esinati, ukutani pamenepo?"

"Ili si la pano. Nambala yake ndi ya uko."

"Anakuphunzitsa ndani manambala amenewa?"

"Palibe. Chaka ndi theka ndikuwapukuta, ndipo maso ndili nawo."

Anandibweretsera fomu ya ntchito ya pakauntala. Ndinakhala nayo kunyumba sabata yathunthu, ndikufunafuna pamene abisa mbedza. Bambo anu anatopa nane, nati, "Amake Tadala, sainani, pepala silikulumani." Ndinasaina, ndipo mu 2006 ndinasiya mopu. Buku lililonse lobwezedwa ndinkaligwira pamsana n'kulikutumula. Munkagwa matikiti a basi, zithunzi, chipeso, tsiku lina kalata ya kuchipatala imene mwini wake anabwera kudzaifuna akulira. Anzanga anandipatsa dzina loti Customs, monga aja osecha katundu pamalire, akuganiza kuti sindikumva. Ndinkamva, ndipo dzinalo silinkandiipira.

2011 mpaka 2019, Tottenham

Anandisamutsira ku kanthambi kakang'ono ku Tottenham, pakati pa sitolo ya nsomba zouma ndi tchalitchi china cha anthu a ku Ghana. Zaka zimenezo chilichonse chinkachepa. Tinayamba tili antchito asanu ndi atatu, tinatsala atatu. Anatiuza kuti Lachitatu tizitseka, kenako anawonjeza Lolemba m'mawa. Denga la kona ya ana linkadontha, ndipo ndowa imene tinkaikapo inatsanzikana ndi mabwana anayi iyo ili pomwepo. Nyengo yozizira ndinkadinda mabuku nditavala jasi. Anabweretsa makina oti anthu azibwereka okha mabuku, ine n'kumaima pambali pake tsiku lonse kuona ngati akuwerenga bwino. Anthu ambiri sankabweranso chifukwa cha mabuku. Wina ankadzawotha, wina ankadzasindikiza fomu ya nyumba, wina ankangotulutsa kalata m'chikwama n'kundifunsa monong'ona kuti ikuti chiyani. Ndinkawawerengera, koma nambala yanga ya foni sindinapatse aliyense. Bambo anu atamwalira mu 2016, ndinabwerera kuntchito patatha sabata ziwiri zokha, chifukwa kunyumba kunali zii, ndipo obwera kudzapepesa ankayang'ana kwambiri mipando.

Mu 2019 kunabwera bwana watsopano, Joanne, mtsikana wa msinkhu wa Tadala, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Ankandiitana dzina langa lenileni ngati tinabadwa tsiku limodzi. Ndinati ameneyu amutuma kuti adzatseke nthambi ino, ndipo kumwetulirako n'kofuna kuti tisaone. Akandifunsa za banja langa ndinkangoti onse ali bwino. Akandipangira tiyi ndinkathokoza, n'kumusiya azizire. Tinagwira limodzi zaka zitatu, asakudziwa n'komwe kuti ndili ndi adzukulu angati.

Malichi 2022

Kuseri kwa laibulale yathu kuli nyumba ziwiri zosanja. Mliri uja utatsika, kampani ina inayamba kukonza makoma ake, ndipo inachotsa eriyo ya TV ya padenga n'kulonjeza kuti idzaibwezera ntchito ikatha. Ntchitoyo sinkatha. Achinyamata sanadandaule, zawo zonse zili m'mafoni. Okalamba ndi amene anatsala akuyang'ana galasi lakuda. Joanne anapita kukapempha kwa akuluakulu, n'kubwera ndi timabokosi khumi ndi tiwiri. M'kabokosi kalikonse munali kachipangizo kotalika ngati chala kamene tinkati kasitiki, rimoti, chingwe cha magetsi, ndi kanthu kena kobweretsa intaneti kwa amene analibe. Ukasomeka kasitikiko kuseri kwa TV, matchanelo aulere ankabwera, kuphatikizapo ina ya kuno ku London yoonetsa za m'dera: misika, misewu yotsekedwa, makwaya, misonkhano. Panalibe cholipira mwezi ndi mwezi. Laisensi ya TV yokha ndinkakumbutsa aliyense kuti ndi nkhani ina, asadzanene kuti Mayi Phiri anawanamiza. Munthu ankabwereka sabata zitatu, ngati buku.

Ine timabokosi timeneti sindinkatikonda. Kanthu kamene ukakalankhula kamayankha, ndani akudziwa zimene kamamva ukamalankhula ndi ena? Koma Joanne anati, "Esinati, m'manja mwako simunasowepo kanthu, ndiye timabokosi iti utisunge ndiwe." Ndinaphunzira pa TV ya mu laibulale mpaka ndinkatha kusomeka nditatsinzina. Malamulo anali awiri. Loyamba, munthu umuonetse pakauntala, apite akachite yekha. Lachiwiri, wantchito asalowe m'nyumba ya munthu zivute zitani. Lachiwirili linandisangalatsa kwambiri. Ndinawonjezapo langa lachitatu limene sindinauze munthu: chingwe chilichonse ndinkachikulunga ndekha n'kuchimanga ndi ulusi wofiira, kamangidwe kamene amayi anga ankamangira matumba a nyemba. Kabokosi kakabwerera, ndinkadziwa kuti kadutsa m'manja otani.

Kabokosi nambala seveni anatenga ndi a Mwale. Anali bambo a kwathu, a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, oyenda ndi suti, tayi ndi chipewa ngakhale popita kukagula buledi. Anabwera ku London kalekale potsatira akazi awo, a Nabanda, amene anali nesi. Tinkangoonana pamaliro a Amalawi anzathu.

"Mayi Phiri, akuti muli ndi mankhwala a TV zakufa," anatero akuvula chipewa.

"Alipo, bambo. Khadi lanu."

Ndinawaonetsa zonse: ichi musomeka apa, ichi pakhoma, mudina apa, mulemba manambala awa. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa anthu, ndipo mayi wina ankangoyang'ana wotchi.

"Mwamva, bambo, kapena ndibwereze?"

"Mayi, ine ndakonza mawailesi ku Limbe zaka makumi awiri. Timawaya titatu iti tingandivute?"

Patatha sabata zitatu anabwera nako. Nditatsegula ndinapezamo kapepala ka mtedza wokazinga.

"Ichi n'chiyani?"

"Nanga ndibweze chabe? Anatilera choncho?"

"Kabokosi aka n'ka boma, bambo, si mbale yanga."

"Boma silidya mtedza. Idyani inu."

Ndinauponya m'dirowa. Mtedza wa munthu amene sindikumudziwa bwino sindidya, ndipo mumtima ndinati ichi n'chiphuphu, tiona kuti akufuna kundigula chiyani. Kenako ndinayang'ana chingwe. Ulusi wanga wofiira unali momwe ndinaumangira. Kapulasitiki kamene umayenera kukasolola kuti mabatire a rimoti agwire kanali pomwepo.

"TV ikugwira?" ndinafunsa.

"Ngati yatsopano. Mayi akunyumba akuthokoza kwambiri. Ndingabwerekenso?"

Ndinawapatsa, chifukwa ndinkafuna kuona kumene nkhaniyi ikupita. Kachiwiri zomwezo, kachitatu zomwezo: mtedza m'kabokosi, ulusi osakhudzidwa, bambo akuyamikira chithunzi. Ndinayamba kuwalonda. M'mawa uliwonse ankakhala pakona ndi nyuzipepala yaulere ya m'dera, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala, galasi lathu lokulitsa zilembo atalibisa kuseri kwa chipewa. Milomo inkagwedera ngati mwana woloweza vesi. Tsiku lina ndinawayesa.

"Dzulo munaonera chiyani, bambo?"

"Nkhani. Za msewu wa kumsika uja autseka."

Msewuwo anali atautsegula masiku awiri apitawo, ndinadutsamo ndekha pa basi. Nyuzipepala ndi imene inali yakale. Ndinaganiza kuti akufuna kukagulitsa kasitikiko ndipo akudikira wogula. Ndinaganiza kuti pali mdzukulu wakuba amene akuwatuma. Ndinaganiza zambiri, zonse zoipa.

Juni 2022

Lachiwiri lina Joanne anandiitana. "Esinati, anthu odikira timabokosi achuluka. Pa kompyuta pakuoneka kuti nambala seveni sikanayatsidwepo chichokereni muno. Bambo aja akabwera Lachisanu, usawapatsenso." Ndinamva kukoma, sindinama. Ndinati wakuba wanga ndamugwira, ndipo ndinamuona ndine kompyuta isanamuone. Koma ndinkafuna kumva pakamwa pawo. Lachinayi m'mawa ndinapita pakona paja, n'kukhala pampando woyang'anizana nawo, chinthu chimene sindinachitepo ndi munthu aliyense wobwera ku laibulale.

"Bambo Mwale, kabokosi kaja simunakatsegule."

"Aa, mayi, mukunena chiyani? Dzulo lomweli..."

"Ulusi wofiira uja ndimamanga ndine. Mawa abwana akuti mukabweza, basi, kapita kwa wina."

Anapinda nyuzipepala, n'kuisalaza ndi dzanja ngati akusita. Atayamba kulankhula, mawu anali otsika moti ndinachita kusendera. A Nabanda, amene anagwira unesi zaka zambiri pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, anadwala sitiroko chaka chapitacho, mbali ya kumanzere n'kufa. Bedi lawo linali pabalaza, pansanjika yachisanu ndi chinayi, ndipo pansi sankatsika. Ana ena antchito yosamalira odwala ankabwera tsiku lililonse kudzawasambitsa. TV ndi imene inkawauza kuti kunja kukadali anthu. Eriyo itachotsedwa anatembenukira kukhoma, kudya n'kuyamba kuchepa. A Mwale anawalonjeza kuti a laibulale ali ndi njira. Atafika ndi kabokosi, anatembenuza TV, n'kupeza kuti timabowo take sakutiona.

"Maso anga, mayi, pakati pali mtambo. Ndimaona m'mbali mokha. Ndinapapasa ndi zala, koma za masiku ano n'zing'onozing'ono. Ndinaopa kukankha pabowo lolakwika n'kuthyola katundu wa boma. Chingwe sindinamasule n'komwe."

"Osapempha ana aja amabwera kudzawasambitsa mayi?"

"Aja amalemba chilichonse m'buku lawo, ndipo bukulo mwana wathu amaliwerenga akabwera kuchokera ku Leeds. Akangodziwa kuti sindikuona, anena kuti sindingasamale amake. Awatengera ku care home, kosungira okalamba kuja, ine nditsale ndi mipando. Ndiye ndimawauza mayi kuti network ikubwera, a laibulale akukonza. Nkhani ndimaloweza muno, ndikafika ndimawauza ngati ndaonera pa TV yanu."

"Nanga mumabwerekeranji kanthu kosagwira ntchito?"

"Kamakhala pamwamba pa TV. Akakayang'ana amadziwa kuti sindinasiye. Mukakatenga mawa, ndikawauza chiyani?"

Madzulo a tsiku limenelo sindinakwere basi. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndipo panjira ndinapezeka ndikudya mtedza wa m'dirowa uja. Unali utafewa, koma ndinaumaliza. Ana anga, ndikufuna mumvetse mmene zinalili. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume, fayilo yanga ilibe ndi kadontho komwe. Njira yophweka inali kulandira kabokosi Lachisanu, kunena pepani, n'kuitana wotsatira. Njira ina inali kuzemba ndekha kukalowa m'nyumba mwawo, koma anthu ndimawadziwa: mawa kukasowa mphete, kapena mayi akagwa pabedi, dzina lotchulidwa ndi la mlendo amene analowa mobisa. Njira yachitatu inali kuuza Joanne zoona. Imeneyi ndi imene inkandiopsa kwambiri, chifukwa foni imodzi yokha ya Joanne kwa a zosamalira anthu ikanatha kupasula nyumba ya a Mwale, ndipo wopereka chinsinsi ndikanakhala ine. Kuika moyo wa anthu awiri m'manja mwa mtsikana amene tiyi wake yemwe sindinkamwa!

Lachisanu anafika cha m'ma teni, kabokosi kali m'khwapa. Anakaika pakauntala osandiyang'ana. Mtedza munalibe. Ndinatenga khadi lawo, ndinadinda sabata zina zitatu, n'kukankhira kabokosi kwa iwo.

"Tengani. Koma ndikukawauza abwana zonse."

"Mayi Phiri! Ndinakuuzani ngati mlongo wanga."

"N'chifukwa chake sindikukubisirani."

"Mwandipha," anatero. Anavala chipewa akadali m'kati, n'kutuluka osatsanzika.

Ndinagogoda pa ofesi ya Joanne.

"Nambala seveni ndawapatsanso."

"Ndinakuuza chiyani Lachiwiri?"

"Ndinamva."

"Ndiye chifukwa chiyani?"

"Chifukwacho ndikuuzani mukalonjeza kuti chithera m'chipinda muno."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Sindingalonjeze ndisanamve. Ngati pali munthu amene ali pangozi, ndiyenera kunena. Iwenso ukudziwa."

Ndikanatha kutuluka pamenepo. Koma ndakhala ndi anthu abodza zaka zambiri, ndipo onse amalonjeza msanga. Ameneyu anakana pamaso panga. Ndinakhala pansi n'kumuuza zonse, za sitiroko, za maso, za mwana wa ku Leeds. Anandifunsa mafunso ambiri. Mayi akusambitsidwa? Inde, kawiri patsiku. Mankhwala amawapatsa ndani? Osamalira omwewo, sikuti ndi bambo. Chitofu ndi cha gasi? Sindinkadziwa. Analemba funso limenelo papepala.

"Kalata yochenjeza ndikulembera," anatero. "Ndinakuuza chochita, sunachite, ndipo pali mayi amene ndinamulonjeza kabokosi kameneka lero. Ndikamuimbira ndekha kupepesa."

"Lembani."

"Za maso, bambowo akaonane ndi dokotala. Sindiwanenera kumbali, ndikawauza pamaso pawo, ndipo ndikaone ndekha kuti m'nyumbamo muli bwanji. Ndikapeza zoopsa, sindikhala chete." Kenako anati, "Lamulo likuti wantchito asalowe m'nyumba ya munthu. Mawa timatseka wani koloko. Ikakwana wani, ine si bwana wako, iwe si wantchito. Ali pansanjika yachingati?"

Loweruka lake

Lifiti imodzi inali yakufa, tinadikira inayo pamodzi ndi njinga ziwiri ndi galu. A Mwale anatsegula chitseko atavala tayi, nkhope ili gwa. Kwa Joanne anapereka moni waulemu. Kwa ine anangoti, "Mwabwera nawo." M'nyumba munali mwaukhondo, chilichonse pamalo ake, monga mmene munthu wosaona bwino amasungira zinthu. Joanne anapempha madzi akumwa kuti alowe kukhitchini, ndipo anatuluka akugwedeza mutu kuti chitofu n'cha magetsi. Pabalaza panali bedi lachipatala, ndipo a Nabanda anali atagona chammbali, owonda, duku litamangidwa bwinobwino. Ndinagwada pambali pa bedi kupereka moni. Joanne ataona anayesa kugwada nayenso, bondo n'kulira kuti thwa.

A Nabanda anatembenuka pang'onopang'ono. Mawu awo ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma ankamveka.

"Ndinu a network aja?"

"Ndife, mayi."

"Miyezi itatu muli panjira. Munanyamukira ku Nsanje wapansi?"

Ndinatsitsa kabokosi pamwamba pa TV, n'kudula ulusi wanga ndi mano. Joanne anagwira TV n'kuipendeketsa, ine ndinalowetsa mutu kuseri. Bowo lake linalipo, koma linayang'ana pansi, litabisala kunsi kwa kamlomo ka pulasitiki. Ngakhale wa maso awiri akanatukwana. Ndinasomeka kasitiki, ndinayatsa kobweretsa intaneti kaja, ndinasolola kapulasitiki ka rimoti, n'kuyamba kulemba manambala. Ndinalakwitsa kawiri, ine amene ku laibulale ndinkachita nditatsinzina. Kachitatu kabwalo ka pagalasi kanazungulira, kanazungulira, kenako chipinda chonse chinadzaza phokoso la msewu. Inali tchanelo ya m'dera ija, akuonetsa msika wa Loweruka: mabasi ofiira, mayi wina akukangana ndi wogulitsa nthochi zophika, ana a kwaya atavala zofiirira.

"Kwezani," anatero a Nabanda. Anadzikoka ndi dzanja labwinolo mpaka mutu unachoka papilo. "Pamenepo! Pa siteji imeneyo ndaima zaka makumi awiri kudikira basi ya kuchipatala. Aikapo denga tsopano? Ife tinkanyowa ngati nkhuku. Nanga sitolo ya Mturuki ija yapita kuti? A Mwale, simunandiuze kuti anatseka."

A Mwale anali ataima pakati pa chipinda, manja kumbuyo, akumwetulira. "Chithunzi chabwino kwambiri," anatero. "Choyera bwino."

"Khalani chete, a Mwale. Mukuyang'ana kabati," anatero a Nabanda.

Joanne anandiyang'ana, chifukwa Chichewa sankamva, koma anaona kuti pagwa chinthu.

A Nabanda anapitiriza, "Mukuganiza kuti sindikudziwa? Kuyambira Khirisimasi tiyi mumathira m'sosala. Masokosi mwavalawo, limodzi lakuda, lina labuluu. Ine ndine nesi. Chinafa ndi mkono, mutu ulipo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Inu munanena? Ndinkadikira kuti ndione bodza la network lifika pati. Nkhani zanu zomwe munkandiuza zinali zogona, msewu umodzi munautseka katatu."

Bambo aja anakhala pamkono wa sofa, tayi ili pambali. Ndinayang'ana pawindo kuti ndisawaone nkhope. Joanne ananena mawu ake aja a za dokotala, mwaulemu, m'Chingerezi, koma a Nabanda anamudula ndi Chingerezi cha m'wodi chimene chinamuimitsa mowongoka ngati wophunzira unesi. Kenako anabwerera ku Chichewa.

"Lolemba mukaonane ndi dokotala. Mayi Phiri akuperekezani, Lolemba m'mawa satsegula." Sanandifunse n'komwe. "Mwana ndimuimbira ndine, ndipo ndimuuza kuti pano sachoka munthu. Inu muli ndi miyendo, ine ndili ndi maso, chasowa n'chiyani? Kokerani mpando kuno ndikuuzeni zimene zikuoneka. Uyo wavala chipewa chonga chanu, koma chake n'chatsopano. Ndipo kukhitchiniko kuli chiyani? Njala yandipweteka."

Tikutuluka, a Mwale anatiperekeza mpaka pa lifiti. Sanandithokoze. Anangoti, "Lolemba naini koloko, musachedwe." Kwa bambo ngati amenewo, pamenepo nkhani inali itatha. Mu lifiti Joanne anandifunsa kuti mayi aja amati chiyani nthawi yonse ija, ndipo ndinamumasulira. Anaseka mpaka misozi. Kenako anafunsa, "Iwe uli ndi adzukulu?" Ndinamuuza kuti anayi, ndi mayina awo omwe.

Febuluwale 2023

Mwana wa ku Leeds anabwera sabata yotsatira, ndipo phokoso lake akuti linamveka mpaka pansanjika yachisanu ndi chitatu. Anakalipira bambo ake, anakalipira amake, anandiimbira inenso ku laibulale kundifunsa kuti ndine ndani. Atatopa anapempha kuti osamalira aja azibwera katatu patsiku, n'kubwerera kwawo yekha. Maso a a Mwale sanachire, koma madokotala anauimitsa mtambo uja kuti usakule msanga. Kabokosi nambala seveni anakhala nako mwa lamulo, kakuyaka tsiku lililonse, mpaka mwana wawo anawagulira kasitiki kawokawo. Joanne analembera akuluakulu makalata atatu, ndipo chaka chisanathe anatilola kuti Lachinayi masana antchito awiri azipita kukasomekera anthu osatha kutuluka m'nyumba. Ndinalowa m'nyumba zambiri miyezi yomalizayo kuposa zaka zonse zimene ndakhala ku London. Chikwama changa ndinkachigwirabe pamiyendo, koma ndinkalowa. Ndamva kuti nthambi zina nazonso zayamba, ndipo kathu kaja kakadali kotsegula.

Ndinapuma kumapeto kwa mwezi umenewu. Tsiku lomaliza Joanne anandiitanira mu ofesi, fayilo yanga ili patebulo. Anati kalata yochenjeza ija nthawi yake yatha, akhoza kuichotsa kuti ndituluke woyera monga ndinalowera. Ndinati ichotseni m'fayilomo, koma musaing'ambe, ndipatseni.

Ili m'sutikesi yabuluu, pamodzi ndi masatifiketi anga. Ndi yokhayo m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo zimene ikunena n'zoona: ndinauzidwa, ndinamva, sindinamvere. Tsiku lina mukadzamatsegula sutikesiyo, Yamikani udzafuna kuibisa kuti ana asaone kuti agogo awo anachenjezedwapo pa ntchito. Usadzatero. Mudzaiike pamwamba pa mapepala enawo.